Mawaya Omangidwa ndi Ulusi wa Ukonde

Moni kwa inu amene mukuwerenga, kulikonse kumene mwakhala. Tiyamike Mulungu amene watisunga mpaka tafika masiku ano, pamene munthu angathe kupita kumunda osacheukacheuka. Ku Metangula m'chaka cha 1989 sizinali chomwecho, ndipo zimene ndikukuuzanizi zinachitika nthawi imeneyo, mvula ya Febuluwale ili mkati.

Pampu ya madzi inaleka kulira Lachisanu masana. Pofika Lamulungu thanki ya pachitunda inali itauma, ndipo anthu oposa zikwi ziwiri a pamsasa wa othawa nkhondo, amene anatsika kuchokera ku Maniamba ndi kumapiri atasiya chimanga m'minda, anayamba kutunga m'madambo momwe ankachapiramo. Ana atatu anali atagona kale kuchipatala ndi matenda otsegula m'mimba.

Sarijento Zakariya, wapolisi wa imvi amene ankaimba besi m'kwaya, anaitanidwa atangotuluka m'tchalitchi. Komandante wa asilikali sanamupatse mpando. Anamuuza kuti mlandu unali utatha kale. Bartolomeyo, mmisiri wa pampu, anachoka Lachinayi kunena kuti akukaika mlongo wake ku Lunho, njira imene ngakhale asilikali ankaiopa, ndipo anabwerako Loweruka wopanda ndi bala lomwe. Tsiku la pakati pa masiku awiriwo chipangizo cha pampu chinasowa, loko wa pachitseko ali wosathyoka. Koluna, mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, inali kunyamuka Lolemba m'mawa kupita ku Lichinga, ndipo Bartolomeyo anali woti akwere atamangidwa manja, pa mlandu wothandiza zigawenga.

Zakariya ankadziwa kuti opita mwa njira imeneyo sankabwerako kawirikawiri. Anapempha tsiku limodzi.

"Dzuwa la lero ndi lanu, sarijento," anatero komandante. "La mawa ndi langa."

*

Nyumba ya pampu inali ya njerwa, chipinda chimodzi, pafupi ndi msika. Msilikali wa milisiya amene anaikidwa pakhomo kuyambira Lachisanu anamutsegulira.

Pakhoma panali kabati yachitsulo imene alendo ochokera kunja anaimanga asanathawe nkhondo. Mkati mwake munali makina amene Bartolomeyo ankawatchula otomato. Ndiwo ankamva kuti thanki yadzaza kapena yaphwa, ndiwo ankadzutsa mapampu awiriwo mosinthana, ndiponso ankathira mankhwala m'madzi pa muyeso wake. Makinawo anali a zigawo zinayi zotchedwa mamodulo, zoimirira moyandikana ngati mabuku a nyimbo pashelefu. Malo achitatu anali pululu.

Zakariya sanali mmisiri, koma anali ataona nyumba zambiri zolowedwa ndi akuba, ndipo iyi sinkafanana nazo. Swichi yaikulu inali yozimitsidwa bwinobwino. Timasikuluwu tinali titaikidwa pamzere m'chivundikiro cha chitini. Chomasulira chake chinabwezedwa m'dirowa. Mawaya asanu ndi mmodzi ankalendewera pamalo a modulo yosowayo, osadulidwa, osakokedwa.

Anawerama n'kuwayang'anitsitsa. Waya aliyense anali ndi kamphete koyera kolembedwa nambala, ntchito ya ku fakitale. Koma pamwamba pa kamphete kalikonse wina anamangapo kaulusi kobiriwira. Pa waya woyamba kaulusiko kanali ndi mfundo imodzi. Pa wachiwiri, ziwiri. Mpaka wachisanu ndi chimodzi. Anakanunkhiza. Fungo la nsomba.

Potuluka anaona shelefu ya pakona. Inali ndi fumbi lochindikala, kupatula malo amodzi oyera, a ngodya zinayi, aakulu ngati buku.

*

Makiyi a nyumbayo anali awiri. Ina inali ya Bartolomeyo, ina ya a Gregório, shefi, ndiye kuti mkulu, wa bungwe la asodzi, amene ankayang'aniranso mafuta a jenereta. Zakariya anawapeza pakhonde la nyumba yosungiramo katundu, atavala malaya ositidwa, akuuza anyamata a ntchito mosanjikira mitolo ya usipa yodikira boti la ku Likoma la Lachiwiri.

A Gregório ankayankhula ngati ali pamsonkhano, ngakhale womvera atakhala mmodzi.

"Kamarada sarijento, mdani sagona. Mdani amavala nkhope ya m'bale wako. Ine ndakhala ndikunena."

Ananena kuti Lachisanu anali m'ofesi kuyambira m'mawa. Cha m'ma thu koloko anazindikira kuti pampu siikumveka, ndipo anaitana a milisiya awiri kuti akhale mboni asanatsegule chitseko. Anapeza malo a modulo ali pululu, natumiza mthenga kwa komandante nthawi yomweyo. Mlonda wa masana, mkulu uja Chabane, anali kumzikiti monga mwa Lachisanu lililonse, ndiye anamuchotsa ntchito pompo. Asanabwere ndi mbonizo, iwo anali asanapondemo m'nyumbayo kuyambira Lolemba.

Zakariya anafunsa ngati chinasowa china.

"China chiti? Chosowa ndi chimodzi, mtima wa makina. Ndipo wodziwa kuuchotsa m'tauni muno ndi mmodzi."

"Nanga munthu angapite nayo kuti modulo yotere?"

"Kutchire, kumene kuli ambuye ake."

"Kutchire kuli mapampu?"

A Gregório anaseka mochedwa pang'ono. Anati sarijento ndi munthu wa tchalitchi, mtima wake ndi wofewa, ndipo mtima wofewa ndiwo khomo la mdani.

*

Bartolomeyo anali atatsekeredwa m'kachipinda kuseri kwa polisi. Anali mnyamata wamkulu wa zaka makumi atatu, wowonda, wa zala zazitali. Mlomo wake unali wotupa. Atangoona Zakariya sanafunse za iye mwini, anafunsa ngati thanki ikadali ndi madzi. Atamva za ana atatu aja anaphimba nkhope ndi manja. Anati akanatha kulumikiza pampu imodzi mwachidule popanda otomato, koma komandante analumbira kuti sadzakhudzanso waya.

Za ulendo wa ku Lunho anafotokoza zonse: bwato limene anakwera, wansembe amene anaika maliro, amene anakumba manda. Koma pa funso la kiyi anangoti kukamwa tseke.

"Unapita nayo ku Lunho?"

Bartolomeyo anatembenukira kukhoma.

"Mwana wanga, Yosefe anakhala m'ndende zaka, koma iye analibe koluna yomudikira m'mawa. Kiyi inali kuti?"

"Bambo, ndikanena, mumanga munthu amene sangapirire ngakhale mbama imodzi."

Zakariya anaisiya nkhaniyo. Anafunsa ngati iye amamanga ulusi pa mawaya akamachotsa modulo. Bartolomeyo anadabwa. Ulusi wa chiyani, pamene waya aliyense ali ndi nambala yake? Anati nambalazo angazitchule ali m'tulo. Chaka chatha mphezi itawotcha modulo yachitatu yomweyo, anaisintha ndi yapadera imene alendo aja anasiya, ndipo sizinamutengere theka la ora. Inali yomaliza, ina kulibe.

"Nanga yopsayo unaitaya?"

"Ayi, ili pashelefu ya pakona. Kunja ikuoneka ngati yamoyo, kupsa kwake n'kwamkati. Ndinailemba kamtanda kunsi ndi msomali kuti ndisadzasokoneze."

Zakariya anaimirira pang'onopang'ono, maondo akulira.

"Pashelefu palibe kanthu," anatero. "Zasowa ziwiri."

*

Moyang'anana ndi nyumba ya pampu, kuseri kwa mpanda wa bango, kunkakhala mayi Joaquina, amene ankatcheza kachasu wodziwika mpaka ku Cóbuè. Zakariya anali asanalowepo pabwalo lawo chibadwire. Mayiwo atamuona anaika manja m'chiuno.

"A besi a m'kwaya pakhomo panga, tsiku la Mulungu? Ndikuthireni wa mutu, waukali woyamba kutsika uja, kapena wotsatira?"

"Ndithireni mawu okha, mayi."

"Mawu ndiwo okwera mtengo."

Anamupatsa mpando. Anati Lachisanu masana sanaone kanthu, anali kuseri akusonkhezera moto, ndipo munthu wotcheza sachotsa maso pa mpope. Koma Lachinayi a shefi anabwera ndi mlendo wa kutsidya kwa nyanja, wa nsapato zonyezimira ndi wotchi yaikulu, amene ananena kuti amagwira ntchito kufakitale ina. Anamwa pang'ono, kenaka a shefi anapita naye kukamuonetsa pampu, monga amachitira ndi alendo onse amene akufuna kuwagometsa. Che Chabane anali pamalo pake pakhomo, akusoka ukonde.

Zakariya anakumbukira mawu a a Gregório, akuti sanapondemo kuyambira Lolemba.

Anafunsa za Che Chabane. Nkhope ya mayi Joaquina inasintha. Anati mkuluyo asiyidwe, ali ndi zake zomulemera. Mwana wake anagwidwa ndi a kutchire zaka ziwiri zapitazo ali kumunda, ndipo kuyambira pamenepo alipo anthu amene amamuloza ndi milomo. Chichotsedwereni ntchito sanatuluke m'nyumba.

"Ndipo kunyumbako zinthu sizili bwino. Dzulo mkazi wake Saquina anabwera kudzandipempha mchere. Ine! Saquina amene mkamwini wake anamubweretsera chitini chodzaza kuchokera ku Likoma mwezi wathawu, tonse tikumuchitira nsanje. Ndinamufunsa kuti mwamaliza chitini chonse, mukudya ndi supuni? Akuti bambo achikweza kudenga, alumbira kuti wochitsegula amusudzula. Zaka makumi anayi za ukwati, kusudzulana chifukwa cha mchere."

Masiku amenewo mchere unali chuma. Anthu ankasinthanitsa mbuzi ndi mbale imodzi, ndipo pothawa usiku mayi ankanyamula mwana ndi chitini cha mchere, zina zonse n'kutsala.

Zakariya anathokoza n'kunyamuka. Pachipata anatembenuka.

"Wa mutu uja, musagulitse wonse. Mwina ndibweranso."

Mayi Joaquina anatsala kukamwa kuli yasa.

*

Che Chabane anali atakhala m'nyumba, chitseko chotseka masana. Anali wamfupi, wa ndevu zoyera, kofiya yake yotha m'mphepete. Ukonde wobiriwira unali pamiyendo pake koma manja sankagwira ntchito. Anayankha moni ndi mawu otsika, natuma mkazi wake kuti akaone mbuzi.

Zakariya anakhala pamphasa. Anatola kachidutswa ka ulusi pansi, namanga mfundo imodzi, nakaika pamphasa. Anatola kena, namanga ziwiri. Pofika kachitatu maso a mkuluyo anali pa timfundoto.

"Che Chabane, ine ndagwira akuba zaka makumi awiri. Wakuba amadula waya ndi chikwanje. Sindinaonepo wakuba woika zizindikiro kuti adzathe kubwezera chinthu m'malo mwake. Amene anamanga mfundo zija sadziwa kuwerenga manambala a azungu, koma ankafuna kuti waya aliyense abwerere pakhomo pake. Munthu ameneyo sindikumuyesa mbala. Koma mawa m'mawa Bartolomeyo akwera koluna."

Mkuluyo analira mopanda phokoso, misozi ikulowa m'ndevu. Kenaka anayankhula, mawu ake apang'onopang'ono ngati munthu wopalasa bwato lolemera.

Anati Bartolomeyo akamachoka ankamusiyira kiyi nthawi zonse, kuti jenereta ikatsokomola azimitse swichi yaikulu. Zinali zosaloledwa, koma ankachita chomwecho zaka zitatu. Lachinayi a shefi analowa ndi mlendo uja, chitseko chili chotsegula. Anthu sachepetsa mawu chifukwa cha nkhalamba yosoka ukonde. Mlendoyo analoza modulo yachitatu, nati yotere kufakitale kwawo inafa ndipo akuisowa kwambiri. A shefi anayankha kuti mawa masana mlonda adzakhala kumzikiti, mmisiri ali kumaliro, ndipo katunduyo adzawoloka Lachiwiri.

"Ndikanauza yani, bwana? Ine bambo wa mwana amene ali kutchire, kuneneza shefi? Akanati ndani wakutuma."

Ndiye Lachisanu, nthawi ya swala, mapemphero a kumzikiti, itayandikira, analowa. Chaka chatha, tsiku limene Bartolomeyo ankasintha modulo yopsa ija, iye ndiye ankamugwirira mawaya, ndipo maso a msodzi saiwala dongosolo la zingwe. Anazimitsa swichi, namanga mfundo zake kuyambira waya wapamwamba kutsika, namasula. Thanki inali yodzaza. Anaganiza kuti shefi akapeza palibe kanthu adzabwerera manja ali m'thumba, ndipo iye akachoka kumzikiti adzabwezera zonse, pampu n'kudzuka anthu osadziwa. Koma pobwera anapeza a milisiya pakhomo, mfuti m'manja, tauni yonse ikunena za sabotaji, zoti mdani waononga pampu dala.

"Tsiku lililonse ndimati ndipite ndikanene. Miyendo imakana. Mulungu andikhululukire, mwana uja amanditcha bambo."

Zakariya anafunsa za modulo ya pashelefu. Che Chabane anati sanaikhudze, yakufa ija anaisiya pomwepo.

Pamenepo Zakariya anaona chithunzi chonse. Shefi analowa nthawi ya swala, napeza malo achitatu ali pululu, mawaya akulendewera, ndipo pashelefu pali modulo yofanana ndendende. Anayesa kuti ndi yomwe ija analoza mlendo, yangochotsedwa pamalo pake kuti ipukutidwe. Anaitenga, natseka, nadikira ora limodzi, kenaka anaitana mboni.

"Tsitsani chitini chija, bambo."

Mkuluyo anakwera pa mtondo natsitsa chitini cha mchere kudenga. Anati m'nyumba yonse panalibe malo ena olemekezeka kuposa amenewo, ndipo mchere umasunga nsomba chaka chathunthu osawola. Anafukula ndi zala natulutsa kanthu kokulungidwa m'kansalu.

Kansaluko kanali konyowa. Mchere wa dzinja umakoka madzi. Atafunyulula, timano tachitsulo ta kumbuyo kwa modulo tinali titachita zoyera ndi zobiriwira, ngati ndalama yakale yotoledwa m'nyanja.

*

Komandante anamvetsera ali chiimire. Zakariya anangomuuza kuti modulo yapezeka, ndipo wakuba weniweni adzadzionetsa yekha dzuwa lisanalowe, ngati Bartolomeyo ataloledwa kugwira ntchito pamaso pa anthu. Zikakanika, pa koluna padzakwere awiri, iye mwini ndi Bartolomeyo. Komandante anatuma msilikali kukatenga mkaidi.

Bartolomeyo ataiona modulo ija anakhala pansi pakhomo la nyumba ya pampu. Anaitembenuza uku ndi uku, nanyambita pang'ono chala chimene anaikhudzira, nayang'ana kumene kunaima Che Chabane kumbuyo kwa khamu. Sananene kanthu za mchere. Anati pafunika mswachi ndi spiriti yoyera, koma kuchipatala spiriti inatha Khirisimasi isanafike.

Motero anthu a ku Metangula anaona chimene anachikamba zaka zambiri pambuyo pake: Sarijento Zakariya, atavala malaya ake a kutchalitchi, akudutsa pamsika masana a Lamulungu atafungatira botolo la kachasu wa mutu. Mayi Joaquina ankamutsatira pambuyo, akuuza aliyense kuti sanamukakamize.

Bartolomeyo anatsegula chikuto cha modulo. Mwa chisomo cha Mulungu mchere unali usanalowe mkati kwenikweni, unadya timano takunja tokha. Anaviika mswachi m'kachasu natsuka kadzino kalikonse, mobwerezabwereza, kenaka anaiyanika pa mpango padzuwa limene linali litangotuluka m'mitambo. Anati idikire ora lathunthu. Palibe anachoka. Amayi a pamsasa anali atayamba kufika ndi ndowa zawo, atamva mphekesera.

A Gregório anafika ora lija lili pakati, akupukuta thukuta. Anayang'ana chinthu chili pa mpangocho, nayang'ananso.

"Kamarada komandante, akukunamizani. Imeneyo si yeniyeni."

"Mwadziwa bwanji, a shefi?" anafunsa Zakariya mofatsa. "Zimafanana zonse."

"Ndikungoti... mdani ali ndi njira zambiri."

"Tiona madzi akatuluka."

Bartolomeyo analowetsa modulo m'malo mwake mpaka inalira kuti kete. Anagwira waya woyamba, naona kaulusi kobiriwira ndi mfundo yake imodzi, ndipo anaima kanthawi. Kenaka anaitana osatembenuka.

"Bambo Chabane, bwerani mundigwirire mawaya, monga kale."

Khamu linapatuka. Mkuluyo anabwera akukoka miyendo, naima pambali pake, nayamba kumupatsira mmodzimmodzi, akuwerenga mfundo ndi chala chachikulu. Bartolomeyo ankayang'ana nambala. Onse asanu ndi mmodzi anagwirizana.

Jenereta inadzutsidwa. Bartolomeyo anatseka maso, milomo ikugwedezeka, nakweza swichi yaikulu. Kagetsi kobiriwira kanayaka pa modulo yoyamba, kenaka pa yachiwiri. Yachitatu inakhala yakuda. Zakariya anayamba kuwerenga chamumtima. Anawerenga mpaka zisanu ndi ziwiri. Bartolomeyo anali atamuuza kale kuti otomato imayamba yafunsa thanki isanalamule, koma pa nthawiyo anaiwala zonse.

Kagetsi kanayaka. Chitsulo china chinagunda m'kabati, ndipo pansi panayamba kunjenjemera ndi kulira kwa pampu.

Amayi anathamangira ku mpope wa pamsika. Unatsokomola mpweya, unalavula dzimbiri, kenaka madzi oyera anatuluka mwamphamvu mpaka kugwetsa ndowa yoyamba. Nthungululu zinamveka mpaka kudoko, ndipo wina anayambitsa nyimbo yoyamika imene Akhristu ndi Asilamu omwe ankaidziwa mayimbidwe ake.

Mayi Joaquina anakoka Zakariya malaya.

"Shefi wanu uyo, akuyenda ngati wamwa madzi a m'dambo."

A Gregório anali atazemba m'khamumo, akulowera kunyumba yosungiramo katundu. Zakariya anapempha komandante kuti ayende naye pang'ono, mosafulumira.

Anawapeza atagwada pakati pa mitolo ya usipa, mtolo umodzi utang'ambidwa, dzanja lili mkati mpaka m'phewa. Munthu amene wagulitsa chinthu, n'kuchiona chikugwira ntchito kwina, sangapirire osakaona ngati chake chikadalipo. Anachitulutsa, nachiyang'ana modabwa, usipa ukugwa m'malaya ositidwa aja, ndipo pamenepo ndi pamene anaona nsapato za komandante.

Zakariya anatenga moduloyo naitembenuza. Kunsi kwake kunali kamtanda kolembedwa ndi msomali.

"Munaba maliro, a shefi," anatero. "Yamoyo inali m'manja mwa mlonda amene munamuchotsa ntchito."

Pobwerera anamuuza komandante zonse, osabisa kiyi kapena mchere, pakuti sankafuna kuti chilungamo chiime pa bodza. Komandante anayenda mpaka pakhomo la nyumba ya pampu. Kumeneko anayang'ana mkulu wa kofiya yakutha uja, amene anali ataimirira manja ali pamodzi ngati wodikira chingwe.

"Iwe ndiwe unazimitsa madzi a tauni yanga masiku atatu?"

"Ndine, bwana."

"Mawa ubwere pantchito. Kiyi ya shefi ikhala ndi iwe. Ukadzamvanso kanthu, ubwere kwa ine, usapite ku chitini."

Lolemba koluna inanyamuka ndi mkaidi wina, a Gregório. Bartolomeyo anali m'nyumba ya pampu kuyambira m'mamawa, akupukuta kabati. Zakariya atadutsa anaona kuti timaulusi tobiriwira tija tikadali pa mawaya, ndipo anafunsa ngati waiwala kutichotsa. Bartolomeyo anati tikhale pomwepo. Tsiku lina iye adzadwala kapena adzapitanso kumaliro, ndipo n'kwabwino kuti m'tauni mukhale anthu awiri odziwa pobwerera waya aliyense. Ana atatu aja anatuluka m'chipatala sabata yomweyo. Mayi Saquina anauyanika mchere wawo padzuwa, ndipo mbale yoyamba anapita nayo kwa mayi Joaquina.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, Mulungu amene anatulutsa madzi m'thanthwe akumwetseni pa ludzu lanu. Akupatseni mnansi wokusungirani chinthu chanu ngakhale miyendo yake ikunjenjemera, ndipo tsiku limene mudzanenezedwa, akuutsireni munthu woleza mtima wowerama kuyang'ana mfundo. Mtendere ukhale pakhomo panu. Amen.